Kabuleta yonyezimira ili m'chitini, makina akulira ndi yakale

Ndinakoka chingwe ka 40 m'mawa umenewo. Ndikudziwa chifukwa nditafika pa 15 ndinayamba kuwerenga mokweza, mwina makinawo angachite manyazi. Sanachite. Pofika pa 40 phewa lamanja linali kuyaka moto, chala chapakati chitatuluka thuza, makina ali zii, kungonunkha petulo basi. Udzu kuseri kwa nyumba n'kuti utafika m'mawondo.

Makina ake ndi aja otchetchera udzu onyamula paphewa, a ndodo yayitali, kumapeto kuli kamutu kozungulira ndi chingwe cha nayiloni. Injini ndi ya two-stroke, 25cc, yomwera petulo wosakaniza ndi oyilo. Ndakhala nawo zaka zinayi ndipo zitatu zoyambazo sanandichititsepo thukuta: kupopa kampira, kutseka choki, kukoka kawiri katatu, alira. Mvula itasiya chaka chatha ndinawapachika m'kachipinda kosungira katundu thanki ili theka, n'kuwaiwala miyezi isanu.

Usiku womwewo, phewa likadawawa, ndinaitanitsa pa intaneti paketi ija amati ili ndi zonse zofunika pa makina okana kulira. Ilibe dzina la kampani, ndi kajumbo chabe ka pulasitiki kokhala ndi mndandanda wautali wa makina omwe akuti imakwanira, anga ali momwemo. Mkati muli zinthu 11: kabuleta yathunthu (kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini), magasiketi awiri, timipira topopera tiwiri, timapayipi ta petulo tiwiri, fyuluta ya m'thanki, fyuluta ya mpweya, pulagi, ndi kasikuludiraiva kochunira kabuleta. Pa nyenyezi zisanu paketi imeneyi ndiipatsa zitatu, ndipo zitatuzo si za kabuleta ayi. Ndi za tinthu tija pachithunzi amangotiika m'mbali ngati basela.

Inatenga masiku asanu ndi limodzi kuti ifike, ndipo kuchedwa kumeneko n'kumene kunandithandiza. Loweruka lake kunabwera alamu anga, amuna a mlongo wanga, munthu amene wakulira m'mafuta a njinga zamoto ndi majenereta. Anapeza makina ali chigonere pakhonde.

"Alamu, mwati mwagula chiyani?"

"Kabuleta yatsopano."

"Yakaleyi yakuuzani kuti yafa?"

Ndinangokanda m'mutu.

"Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma," anatero akupinda manja a malaya. "Kainjini aka kamafuna zinthu zinayi basi. Moto, mafuta, mpweya, kompuleshoni. Tipeze kaye chomwe chasowa, kugula kubwere pambuyo. Bweretsani sipanala ya pulagi."

Asanagwire sipanalayo anayamba ayang'ana swichi yozimitsira. Ndinakhumudwa pang'ono, ndikuti akundiyesa mwana, koma iwo anati mwa anthu omwe amawabweretsera makina "akufa" alipo ndithu ena omwe swichi imangokhala pa zero. Yanga inali bwino. Pulagi itatuluka inali noninoni ndi petulo, yakuda bii, ikudontha. Kukoka kwanga ka 40 choki ili chitsekere kunali kutamiza injini. Choki imatseka njira ya mpweya kuti injini yozizira iyamwe mafuta ambiri, koma ntchito yake imathera pomwe injini yatsokomola koyamba. Ukapitiriza kukoka osaitsegula, m'kati mumadzaza mafuta ndipo pulagi yonyowa siyatsa kanthu. Mankhwala ake ndi apafupi: chotsa pulagi, ipukute iume, tsegula choki, finya chowonjezera moto mpaka mapeto, koka chingwe kangapo bowo la pulagi lili pululu kuti mafuta otsalawo auluke. Swichi ikhale yozimitsa pochita zimenezi, chifukwa nthunzi yotuluka pabowopo ndi petulo weniweni.

Kenako kuyesa moto. Alamu anapala mwaye papulagi ndi kaburashi ka waya, n'kuyang'ana kampata ka pakati pa timano tiwiri tija. Pa tiinjini totere kampatako kamakhala pakati pa 0.5 ndi 0.7 mm, kabuku ka makina anu kanena ndendende. Anaibwezera pulagiyo m'kapu yake ya labala, n'kuigunditsa pachitsulo cha injini patali ndi bowo, ine ndikoke. Tinapita pamthunzi kuti tione bwino. Kamoto kabuluu, thwa thwa thwa, kokoka kulikonse. Ndinafuna kuthandiza poigwira pulagiyo ndi zala kuti isasunthe, iwo akukoka. Musadzatero. Sizipha, koma chigongono chinanjenjemera mpaka ndinatukwana pamaso pa alamu.

Akanapanda kuoneka moto, akuti tikanachotsa kawaya kochokera ku swichi kupita ku koyilo, kachipangizo kopanga moto wa pulagi, chifukwa swichi imazimitsa injini pongogunditsa koyilo kuchitsulo, ndiye kawayako kakasupuka penapake makina amakhala ozimitsidwa mpaka kalekale. Moto ukabwerera utachotsa kawayako, vuto ndi swichi kapena waya. Ukapanda kubwerera ndiye koyilo, kapena kampata ka pakati pa koyilo ndi maginito a flywheel (gudumu lozungulira ndi injini), komwe kamayenera kukhala kochepa ngati kukhuthala kwa kakhadi ka pepala lolimba, cha m'ma 0.3 mm. Ndikutchula zimenezi chifukwa m'paketi ija mulibe chilichonse chothandiza munthu amene makina ake alibe moto, kupatula pulagi. Ogulitsa sanena.

Kompuleshoni, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda, anaiyesa mwanjira yomwe sindinaionepo. Anabwezera pulagi, n'kunyamula makina onse pogwira kachogwirira ka chingwe cholizira chokha. Makina analendewera, n'kumatsika pang'onopang'ono, kuima, kutsika, kuima. Akuti akadangoti fuu mpaka pansi chingwe chonse n'kusololoka, ndiye kuti pisitoni kapena ring yake yatha. Amene ali ndi geji amayeza bwinobwino, ndipo amakaniko ambiri amati ikatsika pansi pa 90 psi kainjini kotere kamavuta kuliza. Yanga inali ndi mphamvu.

Chomwe chinathetsa mkangano ndi theka la kasupuni. Alamu anathira petulo watsopano wosakaniza kale, madontho chabe, pabowo la pulagi, n'kumanga pulagi, choki yotsegula. Kukoka kwachiwiri makina anabangula, utsi tolo, masekondi atatu, n'kuzima. Mtima wanga unachita kudumpha. Iwo sanasangalale n'komwe, anangoti, "Mwamva? Moto ulipo, kompuleshoni ilipo. Ali ndi njala. Mafuta sakufika." Mphindi 20 zisanathe tinali titadziwa mbali yofufuza, popanda kugula kanthu.

Tinakhuthulira za m'thanki m'botolo loonekera. Petulo amene ndinasiya miyezi isanu uja sanalinso petulo. Mtundu unali utada ngati madzi a dzimbiri, fungo lake lowawasa ngati vanishi yopaka matabwa, ndipo botolo litakhazikika pansi pake panaoneka kamzere ka madzi. Petulo akakhalitsa, mbali zake zopepuka, zomwe zimayaka msanga injini ili yozizira, zimauluka, chotsalacho chimayamba kusanduka ulimbo. Petulo wambiri masiku ano amamusakaniza ndi ethanol, ndipo ethanol amakoka chinyontho mumpweya komanso amaumitsa labala ndi pulasitiki pang'onopang'ono. N'chifukwa chake opanga makinawa amalemba kuti ethanol asapitirire 10 peresenti, komanso kuti mafuta osakaniza asagonere kupitirira masiku 30. Kabuku kanga kananena zonsezi. Ndinakawerenga tsiku limenelo, zaka zinayi chigulire makina.

Alamu anapinda kawaya kukhala mbedza n'kuwedza m'thanki kuti atulutse fyuluta, yomwe imalendewera kumapeto kwa kapayipi. Inatuluka yokha, yopanda kapayipi. Kapayipiko kanali kataduka m'kati mwa thanki, ndipo chidutswa chomwe ndinasolola chinali gwaa, chachikasu chodera, nditachipinda chinathyoka tswa ngati kamtengo kouma. Pamwamba, pomwe kapayipi kamatulukira pathanki, panali timing'alu tosaoneka mpaka utapinda. Kampira kopopera nako kanali ndi mng'alu m'munsi, kosaonekeranso m'kati. Ndiye kupopa konse ndinkapopa kuja ndinkapopa mphepo, ndipo petulo amene anamiza pulagi ndi wakale uja anatsalira m'kabuleta, woti sakanayaka ngakhale nditakoka mpaka dzuwa kulowa.

Paketi itafika ndinaganiza zogwira ndekha ntchitoyo, alamu ndizingowaimbira. Apa ndiyamikire. Timapayipi take ndi tabwino: tofewa, toonekera moti petulo umamuona akuyenda, ndipo kukula kwake kunagwirizana ndi mabowo a thanki yanga popanda kudontha. Kulowetsa kwake kuli ndi nzeru yake. Dulani kumapeto mopendeketsa kuti kusongoke, pakani kadontho ka oyilo, lowetsani pabowo, kenako mukoke ndi pulayala yayitali mlomo kuchokera kukamwa kwa thanki. Mukatero mudule posongokapo kuti pakhale pofanana musanaveke fyuluta. Kapayipi ka fyuluta kasiyeni katalike moti fyulutayo izigona pansi pa thanki ndi kumagubuduka kutsata mafuta mukapendeketsa makina. Fyuluta ya m'paketi ili ndi kachitsulo koilemeretsa monga yoyambirira, ndipo patha miyezi itatu ikugwira ntchito.

Kusokoneza ndinasokoneza ndine. Timapayipi ndi tiwiri, ndipo ndisanachotse takale sindinajambule chithunzi. Nditamaliza ndinapopa kampira katsopano ka 10, ka 20, sikadzaza. Kusuzumira m'thanki, thovu likutuluka pafyuluta, phwaphwaphwa. Ndinawaimbira alamu, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwatembenuza, alamu. Kampira ako sikathira mafuta mu injini monga anthu amaganizira. Kamayamwa kuchokera m'thanki kudzera pafyuluta, kudutsa m'kabuleta, n'kubweza m'thanki kudzera pakapayipi kenako. Ntchito yake n'kuchotsa mpweya m'njira. Inu mwakauza kuti kaziyamwa kumtunda n'kumalavula pafyuluta."

Nditasinthanitsa, kupopa kachisanu ndi chimodzi kampira kanadzaza. Mfundo imeneyi inandithandizanso kumvetsa china: pa makina a mtundu wanga kupopa kambiri sikumiza injini, chomiza ndi choki. Ndipo kampirako kamalankhula ukakamvetsera. Kakaphwa osabwerera, penapake patsekeka, fyuluta kapena kasefa ka m'kabuleta. Kakamabwerera koma kopanda mafuta, penapake pakulowa mphepo.

Tsopano kabuleta yonyezimira ija, imene ndinagulira paketi yonse. Poiona ndi maso ndi mapasa ndi yakale. Mabowo a mabawuti anagwirizana. Ndinaimanga, ndinapopa, ndinakoka, inalira, n'kuzima patatha masekondi khumi. Kupopanso, kulira, kuzima. Katatu. Nditamasula ndinapeza kuti vuto ndi gasiketi. Pakati pa kabuleta ndi injini, pambali pa bowo lalikulu, pali kabowo kakang'ono ngati kobooledwa ndi singano yosokera matumba. Makinawa alibe pampu ya mafuta yapayokha. Pisitoni ikamakwera ndi kutsika, mpweya wa pansi pake umapuma kudzera pakabowo kameneka n'kumagwedeza kachikopa kopyapyala m'kabuleta, ndipo kachikopako ndiye pampu. Mwa magasiketi awiri a m'paketi, imene ndinayamba kuika inali ndi kabowoko pamalo ena, ndiye inatseka mpweyawo. Injini inkangomwa mafuta omwe kampira kabweretsa, akatha n'kufa. Gasiketi yachiwiri inagwirizana. M'kajumbomo munalibe kapepala ngakhale kamodzi konena kuti magasiketiwo ndi a makina osiyana.

Gasiketi yoyenera ili m'malo, makina analira osazima, ndipo ndinayesa nkhani yatha. Kufinya chowonjezera moto, injini inkati buu ngati ikutsamwa, kenako n'kudzuka mwaulesi. Ndinatenga kasikuludiraiva kaja. Kabuleta yotere ili ndi timasikuluu titatu: L ka mafuta a moto wochepa, H ka moto wambiri, ndi kachitatu kokweza kapena kutsitsa kulira kwa injini ikangokhala. Mitu ya L ndi H opanga amaipanga mwadala kuti sikuludiraiva wamba asagwire, chifukwa cha malamulo a utsi, ndiye kachida ka m'paketi n'kofunikadi. Koma kamagwira pakabuleta ya m'paketi yokha, pa yanga yakale sikalowa. Pa makabuleta ambiri poyambira ndi kumanga kasikuluu mofatsa mpaka kagunde, osakakamiza, n'kubweza kuzungulira kamodzi kapena kamodzi ndi theka. Kutsamwa kuja kunachepa nditatsegulako L pang'ono.

H ndiye koopsa, ndipo apa paketi yopanda malangizo ingakuwonongetseni injini. Ukamanga H, injini imalira mokoma kwambiri, mawu okwera, liwiro ngati ndege, ndipo munthu wosadziwa amati wapeza. Pomwepo ndiye ikufa. Pa two-stroke oyilo amabwera pamodzi ndi petulo, ndiye ukachepetsa mafuta wachepetsanso oyilo, kutentha kumakwera, pisitoni n'kukanda silinda. Alamu anandiuza pafoni kuti ndimvetsere kakhwekhwerere pang'ono pa moto wonse, kamene kamatha chingwe chikangolowa muudzu. Kulira kosalala kwambiri makina asakudula kanthu, bwezani H msanga.

Ndinaichuna madzulo awiri, ndipo pamapeto ndinaigonja pazifukwa ziwiri. Choyamba, kabowo kokolekapo waya wa chowonjezera moto kali pamalo osiyana pang'ono ndi pa yakale, mamilimita awiri kapena atatu, moti ndikafinya mpaka mapeto kachitseko ka m'kabuleta kankatseguka osafika. Udzu wanthete inkadula, wokhwima inkangoupesa. Chachiwiri, kuchuna sikunkakhazikika. Ikazizira ili bwino, ikatentha mphindi khumi kamutu kayamba kuzungulira kokha ndisanafinye kanthu, zomwe n'zoopsa ngati wagoneka makina pafupi ndi miyendo. M'mawa mwake ndinapezanso pansi pomwe ndinawagoneka pali chibanga cha petulo, ndipo fyuluta ya mpweya itanyowa. Kasingano kotseka mafuta m'kati sikankatseka bwino. Mwina ine ndinagwera yolakwika ndipo wina angalandire yabwino, poti zinthu zopanda dzina sizifanana ngakhale zichokere m'bokosi limodzi. Ine ndikunena ya m'manja mwanga.

Ndinabwerera kwa yakale, imene ndinali nditaiponya kale m'chitini cha misomali. Loweruka lotsatira alamu anayala nsalu yoyera patebulo, kuti kasipuling'i kakadumpha tikaone, n'kumasula timasikuluu tinayi ta kachivundikiro. Pansi pake panali kachikopa kakuda kokhala ndi kambale kachitsulo pakati, kamene amati metering diaphragm. Katsopano kamakhala kofewa, kogwedezeka ukangokapumira. Kanga anakaika pachikhatho changa n'kunena kuti ndikafinye. Kanalira khwa ngati tsamba louma, n'kukhala chipindikire. Kachikopa kameneka ndi kamene kamakankha kamtanda kotsegula singano kuti mafuta alowe, ndiye kakauma singanoyo imatseguka mwa apo ndi apo, kapena osatseguka n'komwe. Mbali inayo, ya pampu, timalilime tiwiri ta kachikopa kenako tinali titapotoka. M'kadzenje kena munali kasefa kozungulira, kochepa kuposa chikhadabo cha kachala kakang'ono, kodzaza phala lofiirira. Alamu anakatokosa ndi nsonga ya singano, n'kukayang'anitsa kudzuwa, kuwala osadutsa.

Thupi la kabuletayo linalibe vuto lililonse. Zomwe zinafa ndi tizikopa tiwiri ndi kasefa kamodzi, ndipo m'paketi ya "zonse zofunika" ija mulibe ngakhale chimodzi mwa zimenezi. Apa ndi pomwe yandikhumudwitsa kwambiri. Ogulitsa angakonde kuti mutaye kabuleta yopangidwira makina anu n'kuika yongofanana nayo. Pathupi la kabuleta yoyambirira pamakhala pojambulidwa dzina la woipanga ndi nambala yake. Pa makina ambiri otere mupeza Walbro kapena Zama, makampani awiri omwe amapangira makabuleta opanga makina osiyanasiyana, ndipo nambala imeneyo ndi imene mumafunsira kapaketi ka tizikopa ndi timagasiketi take. Osati nambala ya makina, ya kabuleta. Ndinagula kapaketi kameneko padera.

Pobwezera pali msampha umodzi woti ndiulembe, chifukwa ngakhale alamu anaima kaye n'kuganiza. Mbali ya metering, gasiketi ndi imene imayamba kugona pathupi la kabuleta, kachikopa pamwamba pake. Mbali ya pampu n'zotembenuza: kachikopa kayambe, gasiketi pamwamba. Tinatsuka timabowo tonse ndi mankhwala opopera otsukira kabuleta, osalowetsamo waya, poti timabowoto tikangokula pang'ono kabuleta yatha ntchito. Kamtanda ndi kasipuling'i sitinakhudze. L ndi H sitinakhudzenso, tinazisiya momwe anachunira opanga. Kupopa kasanu ndi kamodzi, choki, kukoka kawiri inatsokomola, kutsegula choki, kukoka kamodzi, inalira n'kukhazikika, kamutu kali phee.

Nthawi zina ndimaseka ndikaganiza kuti mbali yodula udzu ya makinawa ndi yosavuta chotani. George Ballas wa ku Houston anaitulukira mu 1971 ataona maburashi ozungulira a potsukira galimoto, ndipo woyamba anaupanga ndi chitini chobooledwa n'kumangamo tizingwe. Kuchokera pamenepo nzeru yodulira udzu ndi chingwe chozungulira sinasinthe kwenikweni, ndipo kamutu kanga m'zaka zinayi sikanandivutepo. Mavuto onse ali kumapeto enawo a ndodo, ambiri m'kabokosi kachitsulo kosaposa bokosi la machesi.

Inatsala nkhani imodzi imene paketi iliyonse sikanaithetsa. Makina ankalira bwino koma mphamvu inali yoperewera, kulira kwake kogonthera ngati munthu wolankhula ali ndi chimfine. Alamu anaika dzanja pafupi ndi ekizozi, n'kupukusa mutu. Potulukira utsi pali kaneti kachitsulo komwe kamagwira tizilinga ta moto kuti tisayatse udzu wouma. Kanga kanali katamatika mwaye wokhala ngati phula, timabowo tochepa tokha ndi tomwe tinatsala. Injini yolephera kutulutsa utsi siingathenso kukoka mpweya watsopano, ndipo kanetiko kakatsekeka konse makina amakana kulira kumene. Anakagwira ndi pulayala, kukawotcha pamoto mpaka kufiira, katazizira n'kukapala ndi burashi. Ena amangokachotsa n'kutaya. Ine ndinabwezera, ndimatchetcha pafupi ndi mpanda wa udzu wouma wa aneba.

"Oyilo mumathira bwanji?" anafunsa akupukuta m'manja.

"Tizivindikiro tingapo pa lita. Ndimawonjezerako pang'ono kuti injini isavutike."

"Ndiye mwaye uwu ndi chikondi chanu."

Makina anga amafuna 50:1, kutanthauza 20 ml ya oyilo wa two-stroke pa lita imodzi ya petulo, kapena 100 ml pa malita asanu. Ena amafuna 40:1, yomwe ndi 25 ml pa lita, ndipo akalekale ena 25:1, 40 ml pa lita. Nditayeza tizivindikiro tanga tija ndi sirinji ndinapeza kuti ndinkathira pafupifupi kawiri muyezo. Panopa sirinjiyo ndaimangirira ndi kalabala pabotolo la oyilo. Poti ekizozi inali yomasula kale, alamu anandionetsanso pisitoni kudzera pabowo lake akukoka chingwe pang'onopang'ono: yosalala, yopanda mizere. Mukadzasuzumira pamenepo n'kuona mikwingwirima yotsika, tsekani chikwama, musagule paketi iliyonse, nkhani yake ndi ya silinda ndi pisitoni.

Zotsala m'kajumbo ndizinene mwachidule. Pulagi ya m'paketi inali ndi nambala yosiyana ndi imene kabuku kamatchula, kampata kake kotakasuka kuposa muyezo, ndiye sindinaiike. Yakale yotsukidwa ija ikugwirabe ntchito, ndipo nditaimasula posachedwapa nsonga yake inali yofiirira ngati dothi louma, mtundu wosonyeza kuti mafuta ndi mpweya zikugwirizana. Fyuluta ya mpweya ndi siponji yopyapyala, yoperewera pang'ono m'mbali moti fumbi lingadutse. Ndinatsuka yakale ndi sopo, kuiumitsa bwino, n'kuibwezera. Kampira kachiwiri ndasunga.

Ndiye igulidwe kapena ayi? Ngati mwayesa kale moto, mwachita za theka la kasupuni zija, makina alira n'kuzima, ndipo timapayipi tanu tauma, igulani. Timapayipi, fyuluta ya m'thanki ndi kampira n'zabwino, ndipo kuzipeza zonse pamodzi zoyenerana kukula kumapulumutsa nthawi. Ingowonjezerani kapaketi ka tizikopa ka nambala ya kabuleta yanu. Kabuleta ya m'paketi ndingaiike pokhapokha ngati yoyambirira yadyeka ndi madzi m'kati kapena yasweka, ndipo ngakhale pamenepo ndingaifananize kaye ndi yakale patebulo, kabowo ndi kabowo, makamaka ka mpweya wa pampu ndi kokolekapo waya. Ngati makina anu amalira bwino mphindi zingapo n'kuzima, ndipo mukamasula chivindikiro cha thanki mumamva psii, musagule chilichonse mwa izi. Kabowo kopumira thanki ndi kamene katsekeka.

Udzu wa kuseri uja ndinautchetcha tsiku lomwelo, thanki ziwiri. Nditamaliza ndinakhuthulira mafuta otsala m'chigubu, ndinapopa kampira mpaka kuuma, n'kuliza makina kuti amalize za m'kabuleta mpaka anazima okha. Alamu anali atakhala pakhonde akutembenuzatembenuza kabuleta yonyezimira ija m'manja. Anapempha kuti ndiwapatse, akuti timasikuluu take ta kachivundikiro tingadzawathandize penapake. Ndinawauza kuti atenge timasikuluuto, thupi lake andisiyire. Lili m'chitini cha misomali, momwe munali yakale.